N'chifukwa Chiyani Zeus Anayenda Dziko Lonse, Napolo N'kutsalira M'phiri?

Nsonga ya phiri la Olympus, kumene Agiriki akale ankati kumakhala milungu yawo, ili pa mamita pafupifupi 2,917. Sapitwa ali pa mamita 3,002. Pa msinkhu, tsono, mudzi wa Zeus ndi waufupi poyerekeza ndi phiri limene othyola tiyi ku Mulanje amaliona m'mawa uliwonse kukayera. Mapiri onsewa ankaopedwa, onsewa amabisa mitu m'nkhungu, ndipo a m'tsinde mwa onsewa ankati kumtundako kuli eni ake osafuna phokoso. Komabe lero mwana wasukulu ku Seoul kapena ku Lima amamudziwa Zeus, nsapato zothamangira zili ndi dzina la Nike, mulungu wamkazi wa chipambano, ndipo ulendo umene unafikitsa anthu pamwezi mu 1969 unali wa Apollo, pamene Napolo sadziwika ukangotalikirana ndi mapiri athu. Anthu amayankha pawiri. Ena amati nthano za Agiriki n'zakuya kuposa zathu. Ena amati zinangofalitsidwa ndi mfuti ndi sukulu za atsamunda. Yankho loyambalo n'labodza, lachiwirilo n'loona koma loperewera. Chimene chinakuza nthano za Agiriki ndi ntchito imene inagwiridwa pa izo kwa zaka mazana ambiri: kuzilemba m'chinenero cha eni ake, kupikisana pozifotokozanso, kuzitsutsa poyera, ndi kupeza wolipira zonsezi. Ntchito imeneyo kuno inayambika, koma siinapeze pokhazikika.

Tiyambe ndi mmene nthanozo zinalili zisanalowe m'mabuku. Zinali nkhani za pakamwa za anthu olima tirigu ndi kuweta mbuzi, ndipo chigwa chilichonse chinali ndi kafotokozedwe kake. Typhon, chilombo chimene mlakatuli Hesiod anati chinali ndi mitu 100 ya njoka, chinagonjetsedwa ndi Zeus, ndipo alakatuli ena a pambuyo pake ankati chinapanikizidwa pansi pa phiri la Etna, n'chifukwa chake phirilo limalavula moto. Achelous, mulungu wa mtsinje waukulu wa ku Greece, polimbana ndi Heracles anasanduka njoka kenako ng'ombe yamphongo. Ku Delphi kunali chinjoka, Python, chimene Apollo anapha asanakhazikitse kachisi wake. Munthu wa kwa Mabuka kapena kwa Nkanda ku Mulanje akamva izi sangadabwe. Iye amadziwa za Napolo, chinjoka chokhala pansi pa phiri, chimene chikamasamuka chimagumula matanthwe, kuzula mitengo ndi kusiya njira yofiira yoonekera kutali. Amadziwa za chakudya chimene munthu wotayika m'phiri amatha kuchipeza chili chikonzere, chimene ayenera kudya yekha osaitana mnzake. Amadziwa za Dziwe la Nkhalamba pa mtsinje wa Likhubula, ndi za anthu aafupi akale, Akafula, amene mizimu yawo amati idakali kumtunda. Ngakhale Iliad ndi Odyssey, zimene zinaumbika cha m'ma 700 B.C., zinachokera pakamwa. Milman Parry ndi Albert Lord, atajambula oimba osadziwa kulemba ku Yugoslavia pakati pa 1933 ndi 1935, anasonyeza kuti mawu obwerezabwereza a Homer ndi zida za munthu wopeka uku akuimba pamaso pa anthu. Poyambira pathu ndi pawo panali pofanana.

Kusiyana kunabadwira ku Athens m'zaka za m'ma 400 B.C., ndipo apa mpoyenera kukhalapo pang'ono chifukwa ambiri amene amatamanda Agiriki salabadira mmene zinthu zinkayendera. Chaka chilichonse, pa chikondwerero cha mulungu Dionysus, mkulu wa mzinda ankasankha olemba masewero achisoni atatu, aliyense n'kubweretsa masewero anayi. Mzinda unkatchula nzika yolemera kuti ilipire oimba ndi ovina a sewero lililonse, zovala zawo ndi chakudya chawo pa miyezi yokonzekera, ndipo kukana kunali kovuta chifukwa unali ngati msonkho. Oweruza ankapezeka mwa maere. Anthu zikwizikwi ankakhala m'mbali mwa phiri la Acropolis kuyambira m'mawa, n'kumaonera nkhani zimene ankazidziwa kale kuchokera kwa agogo awo. Popeza mathero ankadziwika, luso linali pa funso limene wolemba wafunsa kudzera m'nkhani yakaleyo. Aeschylus, mu Oresteia ya mu 458 B.C., anatenga nkhani ya banja lophana mobwezerana n'kuimalizira m'bwalo la milandu la Athens, patangopita zaka zochepa mzindawo utasintha mphamvu za bwalo limenelo. Sophocles anatenga Antigone, mtsikana woika m'manda mlongo wake mfumu Creon italetsa, n'kufunsa ngati lamulo la mfumu lingapose mwambo wa maliro. Euripides, mu 412 B.C., anafika poonetsa sewero lonena kuti Helen sanapite n'komwe ku Troy, anali ku Egypt, ndipo asilikali amene anamenyana zaka 10 anafera chithunzithunzi chabe. Anthu a mumzinda umene unali utangotaya gulu lalikulu lankhondo ku Sicily anamva zimene ankatanthauza. Panalibe buku limodzi loyera lotsekera nthanozi pakamwa. Zinali za aliyense wotha kuzigwiritsa ntchito, ndipo chinenero chake chinali chomwecho cha anthu a pabwalopo.

Zotsatira zake n'zodziwika ndipo sizifuna mawu ambiri. Akatswiri a nyumba ya mabuku ku Alexandria anasonkhanitsa ndi kukonza zolembazo, Aroma anazitenga n'kusintha maina a milungu, Ovid anazilukanso mu Metamorphoses cha m'ma 8 A.D., alembi a ku Byzantium anazikopera pamanja, ndipo Homer anasindikizidwa koyamba ku Florence mu 1488. Botticelli anajambula kubadwa kwa Venus, Monteverdi anapanga Orfeo kukhala sewero loimba mu 1607, Freud anabwereka Oedipus, James Joyce anatulutsa Ulysses mu 1922. Paliponse pamenepa panali mfumu, mpingo, wamalonda kapena sukulu yolipira, ndipo ngakhale zinali tero zambiri zinatayika: mwa masewero oposa 120 a Sophocles, athunthu atsala 7 okha. Amene amati mphamvu za maufumu ndizo zinanyamula nthanozi sakunama. Koma mfuti siingakakamize Derek Walcott wa ku Saint Lucia kulemba Omeros mu 1990. Anailemba chifukwa anapeza nthano zimene mibadwo yambiri inali itazipeta kale mpaka kutha kunyamula nkhani ya asodzi a kwawo. Kwa Amalawi ambiri, khomo loyamba la nthanozi silinali sukulu koma Buku Lopatulika: mu Machitidwe 14 anthu a ku Lystra akuyesa Barnaba ndi Paulo kuti ndi Zeus ndi Hermes, ndipo mu chaputala 19 osula siliva a ku Ephesus akuchita chipolowe poteteza malonda a Artemis.

Khomo lachiwiri analitsegula ndi Dr. Hastings Kamuzu Banda, amene ankakhulupirira kuti munthu sanaphunzire ngati sadziwa Chilatini ndi Chigiriki. Mu 1981 anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama m'boma la Kasungu, kumene zinenero ziwirizi zinali zokakamiza, aphunzitsi anali ochokera kunja, ndipo Chichewa, chimene iye mwini anachikweza kukhala chinenero cha dziko mu 1968, chinalibe malo m'kalasi. Ku Chancellor College ku Zomba kunakhazikitsidwanso gawo la maphunziro a Agiriki ndi Aroma, ndipo Caroline Alexander, amene anathandiza kuliyambitsa m'zaka za 1982 mpaka 1985, pambuyo pake anamasulira Iliad m'Chingerezi. Ana a alimi anawerenga Homer, ndipo palibe chifukwa chonyozera zimenezo. Cholakwika chinali chakuti Ngwazi inagula ufa n'kusiya mbewu. Chimene chinapanga Athens ndi bwalo limene wolemba ankatha kufunsa olamulira mafunso owawa pamaso pa mzinda wonse, ndipo bwalo lotero ndi limene lamulo la kauniuni wa mabuku ndi zisudzo la mu 1968 linatseka. Mu May 1983, sukulu ya ku Mtunthama isanathe zaka ziwiri, Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anaphedwa ku Mwanza, maliro awo n'kuchitika mwamantha popanda ulemu woyenera atsogoleri. Nkhani ya Antigone inkachitika pabwalo pomwe, koma inali yololedwa m'kalasi mokha. Kum'mwera kwa Africa zinayenda mwina: Nelson Mandela anasewerapo Creon kundende ya Robben Island, ndipo mu 1973 Athol Fugard, John Kani ndi Winston Ntshona anapanga The Island, sewero la akaidi awiri okonzekera Antigone, limene linabaya boma la tsankho. Ku Nigeria Ola Rotimi anasandutsa Oedipus mfumu ya Chiyoruba, Wole Soyinka n'kulembanso Bacchae ya Euripides. Iwowa ndiwo anatola mbewu.

Kwathu kuno amene anachita zofanana ndi Agiriki sanayambire kwa Agiriki. Mvula yoopsa ya mu December 1946 itagumula phiri la Zomba, abale a Paseli anaimba nyimbo ya Napolo imene inamveka dziko lonse. Steve Chimombo, wobadwira ku Zomba mu 1945, anapanga Napolo kukhala mzati wa ntchito yake, mu Napolo Poems ya mu 1987 ndi mu Napolo and the Python ya mu 1994. Chinjoka chosalosereka, chimene chimadutsa usiku anthu n'kutsala akuopa kufotokoza zimene aona, owerenga a nthawi imeneyo ankadziwa kuti si cha m'phiri mokha. Sewero lake la The Rainmaker linatenga nkhani ya Mbona, amene kachisi wake ali ku Khulubvi m'boma la Nsanje, ndipo Matthew Schoffeleers mu River of Blood ya mu 1992 anasonyeza kuti nkhani ya Mbona ili ndi kafotokozedwe kosiyanasiyana, kalikonse kogwirizana ndi amene ankalimbirana mphamvu, monga zinalili ndi nthano za Thebes ndi Argos. Jack Mapanje anatenga birimankhwe wa m'nthano ya chiyambi cha imfa mu Of Chameleons and Gods ya mu 1981, ndipo boma linamvetsa bwino kwambiri moti linamutsekera ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991. Umboni ndi umenewu woti nthano zathu zimatha kusenza katundu wolemera. Chodandaulitsa n'chakuti mabuku akuluakulu onsewa ali m'Chingerezi, ena osindikizidwa ku London, moti wonyamula katundu wa alendo pa Likhubula, amene agogo ake ndiwo eni nkhani, sangawapeze, ndipo atawapeza sangawamve kukoma. Aeschylus akanalemba m'Chiperisiya, bwalo la Dionysus likanakhala lopanda anthu. Dzina la Napolo linafala kwambiri pa chibuku cha masese kusiyana ndi pa chikuto cha buku.

Pali otsutsa, ndipo oyamba ndi ofunika kuwamvera. Amati Zeus ndi mulungu wakufa, palibe amamuthirira nsembe, n'chifukwa chake aliyense akhoza kumuseweretsa. Koma mizimu ya m'phiri la Mulanje ili ndi anthu oipembedza lero, ndipo kuiika pa nsanja ya zisudzo n'kuichotsa ulemu. Mbiri ikutsutsa mfundoyi. Masewero a ku Athens ankachitika milungu ili moyo m'mitima ya anthu, pa chikondwerero cha chipembedzo, wansembe wa Dionysus atakhala pampando wakutsogolo. Malire analipo: zinsinsi za chinamwali cha ku Eleusis sizinkatchulidwa, ndipo olemba akale amati Aeschylus mwini anazengedwapo mlandu womuganizira kuti waulula zina. Achewa amadziwa kusiyanitsa za kudambwe ndi za pabwalo, Alhomwe ndi Ayao amadziwa za kusimba zimene sizituluka. Nzeru yomweyo ndi yokwanira kusiyanitsa nthano ya aliyense ndi chinsinsi cha eni nsembe. Otsutsa ena amachokera mbali ina, kutchalitchi, ndipo amati zonsezi n'za ziwanda. Koma Paulo pa Areopagus anatchula mawu a alakatuli a Chigiriki polalikira, amene anasunga Homer kwa zaka 1,000 anali alembi Achikhristu, ndipo ku Mua m'boma la Dedza ndi wansembe wa Chikatolika, Bambo Claude Boucher, amene anayambitsa Kungoni mu 1976, kumene osema ndi ojambula agwiritsa ntchito nthano za Achewa, Angoni ndi Ayao.

Kutsutsa kolemera kwambiri n'kwa anthu amene anakumba matope. Mu March 1991 madzi ndi miyala zochokera ku phiri la Michesi zinakokolola Phalombe, amene nthawiyo anali mbali ya boma la Mulanje, n'kupha anthu mazanamazana. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anachitanso zomwezo ku Muloza, ku Nkhulambe ndi ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'dziko muno. Wodziwa za nthaka adzanena kuti mvula ya masiku angapo imakhutitsa dothi lopyapyala lokhala pa thanthwe lotsetsereka, madzi n'kulowa pakati pa dothi ndi mwala, zonse n'kutsetsereka limodzi. Ndipo adzawonjeza kuti munthu wokhulupirira kuti ndi chinjoka sadzaona chifukwa chosamutsira nyumba kapena cholekera kutentha makala. Ngoziyo ndi yeniyeni ndipo siiyenera kuchepetsedwa: nthano yongolandiridwa osaifunsa imagonetsa anthu tulo. Koma mankhwala ake si kuitaya. Mu Athens yemweyo wa Euripides, Thucydides analemba kuti mafunde amene anamiza magombe mu 426 B.C. anadza ndi chivomezi, osamutchula Poseidon, ndipo pambuyo pake Strabo anafotokoza nkhondo ya Heracles ndi Achelous ngati chikumbutso cha anthu amene anamanga zipupa ndi kukumba ngalande poweta mtsinje. Kufufuza ndi nthano zinakulira limodzi chifukwa nthano zinali pabwalo, pamene zinkatheka kufunsidwa. Komanso Napolo amasunga chinthu chimene mapu ambiri alibe: okalamba akamaloza kuti anadutsa apa, akuloza khwawa limene madzi adzadzerenso. Ndipo funso limene limatsala maliro akatha, loti mlandu ndi wa yani, wa mvula, wa odula mkungudza, wa amene anagawa malo m'khwawa, kapena wa umphawi umene unakankhira anthu m'mphepete mwa minda ya tiyi, silingayankhidwe ndi chipangizo choyezera mvula. Kugumuka kwa mu 1946 kunachitika mitengo ikadali yambiri, choncho ngakhale wonena kuti vuto ndi makala okha akufupikitsa nkhani. Funso lotere, la tsoka limene mbali ina ndi ya munthu mbali ina si yake, ndilo masewero achisoni anapangidwira.

Kodi tsono Agiriki tingowasiya, popeza tili ndi zathu? Ayi, ndipo chifukwa chake si ulemu kwa Azungu. Nthanozi si za ku Ulaya kokha monga atsamunda ankaphunzitsira: Homer amati milungu inkapita kukadya phwando kwa Aitiopiya, Memnon amene anamenya nkhondo ku Troy anali mfumu yawo, Andromeda anali mwana wa mfumu ya kumeneko, ndipo Herodotus ankakhulupirira kuti maina a milungu yambiri anachokera ku Egypt. Koposa apo, Agiriki ndiwo chitsanzo cholembedwa bwino koposa cha mmene nkhani za pamoto zimasandukira chuma cha dziko lonse, ndipo wofuna kuchita zomwezo ndi bwino aone mmene anzake anachitira. Chimene tiyenera kuleka ndi kubwereka ulemerero. Mphekesera yoti J.R.R. Tolkien anatengera nkhani zake ku phiri la Mulanje imabwerezedwa kwa alendo ngakhale ilibe umboni, ngati kuti phirili limafuna mlembi wa ku Oxford kuti likhale ndi nthano. Mabuku ndi mafilimu odziwika kunja okhudza phirili, Venture to the Interior ya Laurens van der Post ya mu 1952 ndi filimu ya ku Brazil ya mu 2017 yonena za mnyamata amene anafera ku Sapitwa mu 2009, onse amafotokoza za mlendo, eni phiri n'kukhala operekeza.

Mu July 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, ndipo chifukwa chachikulu sichinali mkungudza kapena matanthwe a Chambe koma chikhalidwe: ubale wa Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe ndi mizimu ya m'phirimo. Kulembedwa kotero kumateteza malo, sikubala sewero ngakhale limodzi. Zina zofunika zilipo kale. Gulu la Kwathu ndi masewero a pa wailesi ya MBC anasonyeza kalekale kuti anthu amakonda zisudzo za m'Chichewa. Mpikisano wa masewero wa m'sukulu za sekondale wa ATEM unaphunzitsa mibadwo ya ochita zisudzo, ngakhale cholinga chake ndi kuphunzitsa Chingerezi. Khamu limasonkhana pa Chonde mwezi wa October uliwonse ku mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, kumene tchopa, amene UNESCO inamuzindikira mu 2014, amavinidwa. Chosowa ndi mpikisano wokhazikika, wa chaka ndi chaka, umene olemba angapikisane pofotokozanso Napolo, Mbona kapena Akafula m'Chichewa, m'Chilhomwe kapena m'Chiyao, opambana n'kusindikizidwa kuti wa chaka chamawa akhale ndi womutsutsa. Zimenezi zimafuna ndalama, ndipo boma la Mulanje lili ndi makampani a tiyi, malo ogona alendo ndi amalonda amene amadyera phiri lomweli. Ku Athens dzina la wolipira linkalembedwa pamwala pamodzi ndi la wolemba, n'chifukwa chake tikudziwa kuti amene analipira oimba a sewero la Aeschylus lotchedwa Persians mu 472 B.C. anali mnyamata wa zaka za m'ma 20 dzina lake Pericles.